Kholingo Latsopano la Pikapu ya a Kayira

Pa Chilumba palibe amene sadziwa pikapu yoyera ya a Gordon Kayira. Ndati yoyera, koma kuyera kwake ndi kwa makedzana. Lero ili ngati mano a munthu wosuta chingambwe. Imagona pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo, ndipo m'mawa uliwonse akazi awo a Violet, amene tonse timawatchula kuti NyaMsiska, amayamba athamangitsa nkhuku pa boneti asanagwire tsache.

Galimoto imeneyi ndi imene inkadyetsa banja lonse. Lachiwiri ndi Lachisanu inkanyamula amayi a geni ya nsomba kupita nawo ku Mzuzu: batala, mcheni ndi usipa wauwisi, zonse zili m'mabokosi a ayisi. Mkulu wa amayiwo anali a Fainess, NyaKondowe, mayi wojintcha, wosakonda kubwereza mawu. Iwo akati Lachisanu tikwera yakutiyakuti, amayi onse ankakwera yomweyo, popanda wofunsa. Ndiye kunena zoona, abale, mphika wa kwa a Kayira unkaphikidwa ndi NyaMsiska koma chivundikiro chake chinali m'manja mwa NyaKondowe.

Amayiwa ankaikonda galimotoyo pa chifukwa chimodzi basi: inkafika. Kuthamanga ayi, sinkathamanga. Pa chitunda cha Chiweta inkakwera ngati munthu wopita kukapepesa kwa apongozi, ikubuula pakona iliyonse. Koma ikamalowa mu Mzuzu, ayisi amakhala akadali ayisi, nsomba maso ali gwa ngati zangotuluka m'madzi.

Zinthu zinayamba kusokonekera pamene msuweni wawo, a Jeffrey, anakatenga pikapu yawo ku Dar es Salaam. Inali yatsopanoko, yosakhosomola. A Jeffrey ankanyamula mpunga, koma aliyense ankadziwa kuti diso lawo lili pa amayi a nsomba, chifukwa mpunga uli ndi nyengo yake pomwe nsomba ndi chaka chonse. Akakumana ndi NyaKondowe pamsika, moni wake ankachita kugwada.

Tsiku lina a Kayira akukwera Chiweta, a Jeffrey anatulukira kumbuyo, n'kuyenda nawo limodzi pang'ono, galasi lili chotsitsa.

"Msuweni!" anakuwa a Jeffrey. "Ndikafika pamwamba ndikutumizireni ng'ombe zidzakukokeni?"

Anaponda moto n'kuzimiririka. Pachisuweni mawu otere si kanthu, timawamva tsiku lililonse. Koma amayi amene anali kumbuyo kwa a Kayira anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo NyaKondowe, amene anakhala kutsogolo, anaphimba pakamwa ndi chitenje. Kuseka kumeneko ndi kumene kunalowa a Kayira ngati munga wa nsomba pakhosi. Akuti tsiku limenelo pobwerera ku Mzuzu sanagule n'komwe nthochi za ana.

Mawa lake anapita pa Uliwa kwa Tonny, makaniko uja wokonda magalasi akuda ngakhale kukugwa mvula. Tonny ndi munthu woti ukamuuza kuti galimoto ikulira kutsogolo, amayamba wakuonetsa mavidiyo a pa foni. Anawaonetsa a Kayira mapikapu a kunja, matayala akutuluka utsi, azungu akukuwa.

"Bwana, injini yanu ilibe mlandu," anatero Tonny. "Vuto ndi kholingo. Ikubanika."

"Kholingo la chiyani?"

Tonny anatsegula boneti n'kuloza kachitsulo kena kokhala ngati kamwa ya chitini. Anati dzina lake ndi thirotolo. Munthu ukaponda moto, kachitseko ka m'kati mwake kamatseguka kuti mpweya ulowe mu injini. Kholingo likakhala laling'ono, ati, galimoto imapuma ngati wa chifuwa cha mphumu. Koma kuli anthu ku Tanzania amene amasula lalikulu, lopangira galimoto yako yomweyo, ndipo ukaliika, a Jeffrey adzangoona fumbi.

"Mtengo wake?"

Tonny anavula magalasi n'kuwanong'oneza. A Kayira anakhala pansi pa tayala lakutha n'kupempha madzi akumwa.

Koma munga uja unali usanachoke. Patapita masiku, a Kayira anaimbira mmodzi wa osula a ku Tanzania aja ali pakhonde, foni ataiika pokweza mawu kuti anthu odutsa amve kuti iwo amayankhula ndi a kunja. NyaMsiska anali pomwepo, akupeta mpunga. Mwamunayo ankayankhula Chiswahili chothamanga, ndipo mawu amene ankabwerezabwereza anali akuti, "Inavuta, kaka! Hii inavuta sana!"

NyaMsiska anaika lichero pansi.

"Awiske Carol," anatero, poti kwathu kuno mwamuna amaitanidwa ndi dzina la mwana wake, "mwamumva munthuyo? Mwini wake akunena yekha kuti chinthucho chinavuta. Ndiye inu mukufuna chidzavutenso kuno?"

A Kayira anaseka mpaka kutsokomola. "NyaMsiska, Chiswahili si Chichewa. Kwa anzathuwa kuvuta ndi kukoka. Akuti imakoka! Imakoka kwambiri! Mukanayendako ku Kyela ngati ine, bwenzi simukundichititsa manyazi pamaso pa alendo."

"Kaya. Ine khutu langa lamva kuvuta."

"Khutu lanu ndi la kumunda."

"Eya, ndi la kumunda. Mpunga uli m'nyumbamu unachokeranso kumunda komweko, ndipo tinagwirizana kuti ndi wa matayala. Mwawaona matayalawo? Asalala ngati chipumi cha khanda."

A Kayira anati matayala alibe changu. Loweruka lake matumba onse a kilombero amene NyaMsiska anakolola ku Hara, ataweramira m'matope mpaka msana kuuma, anakwera lole ya mavenda. Mayiyo sanalire, sanakuwe. Anangosesa m'chipinda mmene munali matumbawo, n'kutseka chitseko.

Chinthucho chinabwera pa basi kudzera ku Songwe, m'kabokosi kokulungidwa ndi matepi. Theka la mudzi linasonkhana kudzaona. Anthu ankayembekezera chinthu choti anyamule amuna awiri. A Kayira atatsegula, munatuluka kachitsulo kofiira, konyezimira ngati poto wa pa ukwati, kokwana m'manja.

NyaMsiska anakayang'ana, n'kuyang'ana amuna awo. "Mpunga wanga wonse uja ndi aka?"

Kuika kwake sikunali kophweka monga ankanenera Tonny. Mabowo a mabawuti sanagwirizane, ndiye anakasulitsa kachitsulo kena kwa wowotcherera. Mawaya anali osiyana mitundu, ndiye anadula, analumikiza, anamata tepi. Sefa ya mpweya yakale sinakwane, ndiye anaika ina yooneka ngati chisoti cha mwana, ili pamtunda, yosaphimba. Zonsezi amachita akuimba mluzu, foni ili pa batire ikumuonetsa mzungu wina akuchita zomwezo m'garaja yoyera ngati chipatala.

Ataliza, mayo ine! Galimoto inabangula ngati ng'ombe yamphongo yaona mpeni. Nkhuku zinabalalika, ana anakuwa, agalu a mpaka ku jeti ya sitima anayankha. A Kayira anaizunguza pamsika kangapo, chigongono chili pawindo, ndipo madzulo ake anyamata a kabaza anali ataipatsa kale dzina. Nkhani ya pakhonde ija inali itafika kumjigo, musandifunse kuti inafika bwanji, ndiye galimoto ikamadutsa ankakuwa kuti, "Inavuta! Inavuta iyo!" A Kayira ankakweza dzanja monyadira. Iwo ankamva Chiswahili. Ena tonse tinkamva Chichewa.

Chisangalalo sichinathe sabata. Pamsewu wowongoka, yopanda katundu, galimotoyo inkauluka ndithu, zimenezo sindinganame. Koma kwathu kuno msewu wowongoka ndi wautali bwanji? Pali mahampu, pali maenje, pali ng'ombe zogona pa tala ngati zinalipira msonkho. Ndipo galimotoyo inayamba khalidwe lachilendo: a Kayira akangochotsa phazi pamoto kuti achepetse liwiro, injini inkanjenjemera, kenako zii. Akaponda moto pang'ono kuti anyamuke, inkadumpha ngati chule. Pakati panalibe. Inkadziwa kuthamanga ndi kufa basi.

Pa rodibuloko ndiye zinkachititsa manyazi. Wapolisi wina wa kwawo ku Dedza anafika pozolowera. Akangoiona, ankayamba kukwinya manja a malaya.

"Achimwene, mwabweranso ndi wodwala wathu uja? Imani patali, kuti pokankha tisavutike."

Nanga mafuta! Kale a Kayira akathira pa Uliwa ankapita ku Mzuzu n'kubwerako mtima uli m'malo. Tsopano muvi unkatsika uku akuuyang'ana. Inalinso nthawi ija mafuta ankasowa, magalimoto atandandalika pa filing'i ngati maliro a mfumu. A Kayira ankapita ku boma kukaima pamzere, dzuwa la Karonga likuwaphika m'galimoto, mzere ukasuntha pang'ono galimoto yazima, a kumbuyo akuimba mahutala. Akalephera ankagula a m'zigubu, okwera mtengo, ena osakaniza ndi zinthu zosadziwika. Ankabwera kunyumba nkhope itagwa, malaya akununkha petulo, n'kukhala pakhonde osavula nsapato. Ndiwo za pakhomopo zinayamba kubwerezabwereza: chigwada lero, chigwada mawa. Anthu onyamula nsomba za ena, iwo osalawa.

Amayi a geni nawo anayamba kung'ung'udza. Ulendo wina galimoto itadumpha pa hampu, bokosi la Leticia, wamng'ono pa onse, linatsetsereka n'kukhuthula usipa pa miyendo ya anzake. Ulendo wina anafika ku Mzuzu ogula akuluakulu a m'malesitilanti atagula kale kwa a ku Nkhata Bay. Pobwerera tsiku limenelo NyaKondowe anayankhula, maso ali kutsogolo.

"A Kayira."

"Amama."

"Ine sindigulitsa phokoso. Ndimagulitsa nsomba."

"Ikuzolowera, amama. Chinthu chatsopano chimayamba chavuta... chimayamba chazolowera kaye."

"Nsomba sidikira kuti munthu azolowere. Tinayamba kale ine ndi inu, n'chifukwa chake ndikuyankhula. Wina sindikanamuuza."

Mawu amenewo anawaopsa a Kayira, moti atafika anazemba kuseri kwa bafa n'kuimbiranso wa ku Tanzania uja. Ulendo uno foni sanaikweze mawu, koma mpanda wa bafa ndi wa udzu, ndipo mwana wawo Carol, mnzanga wa kumjigo, anali m'katimo akuchapa. A Kayira anadandaula m'Chiswahili chawo chothyokathyoka kuti chinthucho sichikukoka katundu pa chitunda monga analonjezera. Mwamunayo akuti anaseka.

"Kaka, nilisema inavuta hewa!"

Ndiye kuti, iye ankanena kuti chimakoka mpweya. Mpweya, abale, osati mabokosi a batala! Anapitiriza kuti kholingo lalikulu palokha silithandiza kanthu ngati injini ili yomwe ija. Pamafunika kusinthanso paipi ya utsi, kusintha zina za m'kati, ndi kupita nayo kwa katswiri wa kompyuta ya galimoto kuti aiphunzitse kupuma mwatsopano, ndipo katswiri woteroyo ali ku Dar es Salaam. Anamaliza ndi kufunsa kuti kodi galimotoyo ndi ya mpikisano wa kuti. A Kayira atati ndi yonyamula nsomba, mwamunayo anangoti pole, ndiye kuti pepani, n'kudula.

Mawu amodzi, anthu atatu, aliyense anamva zake. Wogulitsa ankanena mpweya, a Kayira anamva katundu, NyaMsiska anamva mavuto. Ndipo amene sanapiteko ku Kyela ndi amene anamva zoona.

NyaMsiska nkhaniyi inawapeza dzuwa lisanalowe. Sananyoze. Anadikira amuna awo adye, n'kukhala pamkeka chapatali pang'ono.

"Awiske Carol, mpunga unapita, sindikuufunsanso. Bwezerani kholingo lakale lija. Lachisanu amayi aja ali ndi katundu wambiri."

"Ndibwezere? Kuti a Jeffrey akamve kuti ndagonja? Kuti ana a kabaza andiseke?"

"Akukusekani kale."

"Akusirira amenewo."

"Ine ndatopa, awiske Carol. Kuseka kwa anthu sikunaphepo munthu. Koma NyaKondowe akatsika m'galimoto imeneyi, tidzadya chiyani? Phokoso?"

A Kayira anati Tonny waikonza pang'ono, wamanga kabawuti kena kuti isamazime, ndipo Lachisanu aliyense adzatseka pakamwa. NyaMsiska anatola mbale n'kulowa m'nyumba. Munthu wodziwa kuti walakwa koma akuopa manyazi ndi wovuta kuposa amene sakudziwa n'komwe.

Lachisanu limenelo linali la mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa la kuno limatuluka litakwiya kale. Asodzi anali atapha bwino, ndipo amayi anagula ngati sadzagulanso, ena mpaka kuthira mpamba wonse. Mabokosi anasanjikizana kumbuyo kwa pikapu mpaka matayala osalala aja anaphwatalala. Akumanga zingwe, a Jeffrey anaima ndi galimoto yawo itadzaza mpunga.

"Monire amama," anatero kwa NyaKondowe, chipewa chili m'manja. "Katundu yense uyu pa wodwala? Pamwamba pa matumba anga pali kamalo."

"Yewo, adada. Tili ndi galimoto yathu," anayankha NyaKondowe, n'kukwera kutsogolo kwa a Kayira.

A Jeffrey anatsogola. A Kayira anawapeza pa chigwa cha Chitimba, pamene msewu umawongoka m'mbali mwa nyanja. Apa ndiye panali pawo. Anaponda moto mpaka pansi, galimoto inabangula, amayi kumbuyo anagwira mipango, ndipo anawadutsa a Jeffrey ngati aima. Anaimba hutala, natulutsa mutu pawindo.

"Msuweni! Ng'ombe zija zisungeni, muzilimira!"

Leticia akuti a Kayira anaseka mpaka misozi, akumenya chiwongolero. Kwa kanthawi kameneko mpunga wa NyaMsiska unabwerera wonse. NyaKondowe sanaseke. Anangogwira chitseko ndi manja awiri.

Kenako chitunda chinayamba. Amene munakwerapo Chiweta mukudziwa mmene msewu umapindikira ngati njoka yomenyedwa, mbali iyi phiri, mbali iyo phompho, nyanja ili pansi patali. Makona oyamba anakwera bwino. Koma pa kona ina yothina anapeza lole ya malasha ikukwawa, utsi uli tolo, ndipo kutsogolo kunkabwera thanki ya mafuta. Podutsira panalibe. A Kayira anachotsa phazi pamoto.

Zii.

Galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo. Amayi anakuwa, ena kuitana Yesu, ena amayi awo. A Kayira anaponda buleki ndi mphamvu zonse, ndipo Leticia ndi mnzake Eliness anadumpha n'kuika miyala kumatayala. Analiza. Inabangula, inadumpha, inazima. Analizanso, chimodzimodzi. Kuti inyamuke pa chitunda ndi katundu wotere inkafunika moto wapang'onopang'ono, ndipo moto wapang'onopang'ono ndi umene kholingo latsopano silinkaudziwa. Fungo la kilatchi yopserera linadzaza m'galimoto. Analiza, analiza, mpaka batire inangoti ke-ke-ke, n'kusiya.

Pamalo otere simungakankhe galimoto kupita kumwamba. Kuibweza chafutambuyo kuti ilire, ndi matayala amenewo, phompho lili pambali, ngakhale a Kayira sanayerekeze.

Posakhalitsa a Jeffrey anatulukira, pang'onopang'ono, pa giya yotsika. Anadutsa, anakaima pamalo otakasuka chapamwamba, n'kutsika wapansi. Aliyense ankadikira chipongwe. Sichinabwere, ndipo a Kayira akuti zimenezo zinawapweteka koposa. A Jeffrey anasuzumira mu boneti, anapukusa mutu, n'kunena kuti kukoka sangathe, galimoto yawo yalemedwa kale, zingagwere limodzi kuphompho. Koma mabokosi awiri kapena atatu angakwane pamwamba pa mpunga.

Mabokosi atatu, amayi asanu ndi mmodzi. Panabuka phokoso loti anyani a m'phirimo anatsika kudzaonerera. Aliyense ankakoka lake. NyaKondowe anangokweza dzanja.

"La Leticia, la Eliness, ndi la NyaGondwe. Awa ndi amene athira mpamba wonse. Leticia, kwera, ukagulitsire anzako."

"Nanga anu, amama?"

"Ndati kwera."

A Jeffrey ananyamuka. Otsalawo anakhala m'mbali mwa msewu, pa kamthunzi kosakwana n'komwe mwana. A Kayira anaimbira Tonny, amene anati akubwera pompano pa njinga yamoto. Pompano wa Tonny tonse timamudziwa. Anaimitsa magalimoto odutsa kupempha batire, koma ndani angaime pakona ya Chiweta ndi katundu wake? Ena ankangoimba hutala, ena kukweza dzanja.

Dzuwa linakwera. Pansi pa pikapu panayamba kudontha madzi, dontho limodzilimodzi, kenako kamtsinje kotsetsereka pa tala kulowera kunyanja komwe nsombazo zinachokera. Amayi anaphimba mabokosi ndi zitenje zawo, anathyola masamba, anaphimbanso. Ntchentche zinabwera, zobiriwira zija. Nyani wina wolimba mtima anatsomphola mcheni m'bokosi la NyaMhango n'kukaudyera pamwala, akuwayang'ana. Palibe amene anali ndi mphamvu yomugenda.

Dzuwa litapendeka amayi anatsitsa mabokosi n'kuyamba kuitanira a m'maminibasi, batala wamkulu pa mtengo wa usipa. Ena ankagula, ena ankanunkhiza n'kubweza pawindo. NyaKondowe anatola batala mmodzi, anamudina pamimba ndi chala, chala n'kulowa. Anamubwezera m'bokosi, anatseka, n'kukhalapo pamwamba.

Tonny anafika madzulo ndi batire yobwereka. A Kayira, mawu atasasa, anamuuza kuti achotse chinthucho pomwepo, abwezere chakale. Tonny anakanda m'mutu. Chakale chija, ati, anagulitsa kwa munthu wina wa ku Chitipa, poti ankaona ngati bwana sadzachifunanso. Anatsitsa katundu yense, anailiza movutikira, anaitembenuza, anakwezanso katunduyo, ndipo anatsika phirilo kubwerera ku Chilumba, mabokosi akununkha kumbuyo, amayi atatseka mphuno ndi mipango. Nsomba zina anazipereka kwa oweta nkhumba. Zina anakwirira.

Lachiwiri lotsatira a Kayira anadzuka m'mamawa, anatsuka galimoto ndi sopo, n'kukaima pamalo pawo pa nthawi zonse. Anaima mpaka dzuwa kuwawa. Amayi anali tsidya lina la msewu, akukweza mabokosi pa galimoto ya a Jeffrey, amene mpunga anali atausiyira wina. Palibe amene anawanyoza a Kayira. Ankawapatsa moni bwinobwino, n'kudutsa.

NyaMsiska ndi amene anaganiza zokapepesa. Anagwira tambala wamkulu pakhomopo, anamumanga miyendo, n'kuuza amuna awo kuti avale malaya a kutchalitchi. Anapeza NyaKondowe ali pakhonde, akutsuka mabokosi ndi phulusa. A Kayira anakhala pansi, osati pampando umene anawapatsa, ndipo anayankhula nthawi yaitali: kuti satana anawanyenga, kuti apeza kholingo lina lakale kwa munthu wa ku Mlare ndipo akulipira pang'onopang'ono, kuti galimoto ibwerera mwakale, yofatsa, yosathamanga. NyaMsiska anapereka tambala atagwada.

NyaKondowe anamulandira, anamuyeza kulemera m'manja, n'kumupereka kwa mdzukulu wawo.

"Yewo chomene. Mwachita ulemu, ndipo ine ndilibe nanu chifukwa. A Kayira, ndakukhululukirani ndi mtima wonse."

Nkhope ya a Kayira inayamba kuwala. "Ndiye Lachisanu, amama..."

"Lachisanu tikwera ya a Jeffrey. Ndi Lachiwiri lomwe." Anatenganso phulusa n'kupitiriza kutsuka. "Ine ndakhululuka, adada. Koma NyaMhango mpamba wake sunadzukenso chichokereni pa Chiweta, pano akugulitsa zitumbuwa pasukulu. Amayi aja anakwera galimoto yanu chifukwa ine ndinakwera. Ndinakuchenjezani, ndinakweranso, ndipo anawonongeka ndi ana a eni. Pakamwa panga sipangawauzenso kachiwiri kuti akwere. Munthu amakhululuka, koma nsomba sidziwa zimenezo."

Anabwerera kunyumba, a Kayira patsogolo, NyaMsiska pambuyo, manja ali kumsana opanda tambala.

Pikapu ija ilipobe. Kholingo lakale analipeza, ndipo ikulira bwinobwino, mofatsa, ngati kale. Masiku ena imanyamula mchenga, masiku ena njerwa, masiku ambiri imangokhala. NyaMsiska anabwerera ku Hara, ndipo chaka chino akulimanso ganyu m'minda ya ena. A Kayira mukawapeza pamsika Lachisanu m'mawa, amakhala atatembenukira kwina pamene galimoto ya msuweni wawo ikunyamuka, amayi ali pamwamba pa mabokosi, ikupita pang'onopang'ono kulowera ku Chiweta.

A Kayira anawadutsadi a Jeffrey tsiku lija pa Chitimba, zimenezo tonse timavomereza, ndipo mpaka lero akamwa tiyi amazikamba. Koma nsomba za ku Mzuzu sizigulitsidwa pa Chitimba. Akuluakulu anaona kale zotere pamene ankati kuthamanga si kufika.